Odzazonda Nthambi ya Nanzikambe

Nanzikambe, Chule ndi Namzeze ankakhala moyandikana m'mbali mwa dambo, ndipo anali asanakanganepo. Si kuti anali oyera mtima ayi, kungoti Nanzikambe sankatha kukana kanthu. Wina akati kukutentha, iye ankafiira n'kuvomera. Wina akati kukuzizira, ankatuwa n'kuvomeranso.

Nyumba yake inali mu mtengo waufupi wa maluwa oyera, achikasu pakati, onunkhira mpaka kutsidya kwa dambo. Mtengowo unali ndi nthambi ziwiri zokha zikuluzikulu. Ina inali ya mavu, ndipo kumeneko kunalibe wopondako. Inayo inali ya Nanzikambe: pogona pake, posakira ntchentche, komanso pobisalira akabawi.

Tsiku lina m'mawa kunatulukira Pusi akuthawa agalu, n'kulumphira pa nthambiyo. Thyo! Nthambi inagwera pamwala, Pusi ulendo, osacheuka n'komwe. Nanzikambe anapezeka ali chagada, maluwa ali mbwee, utomoni woyera ngati mkaka ukuchucha pabala.

"Mayo ine, nyumba yanga!" analira Nanzikambe.

Koma atadzuka, mtima unakhalako pansi. Poti ankakhala phee tsiku lonse, maso ali uku ndi uku, mtengowu ankaudziwa bwino. Kanthambi kake kakagwera pouma, bala limauma, ndipo kakazikidwa m'dothi kamaphuka. Kakagwera m'matope kamawola. Nthambi yakeyo inali pamwala wouma, pamthunzi, ndiye inkangofunika kuisiya.

Mbiri inawanda dambo lonse kuti kwa a Nanzikambe kwagwa matenda, nthambi yawo yavulala. Mwambo wake mukuudziwa: wodwala sazondedwa chimanjamanja, ndipo aliyense wodzazonda amakhala sing'anga. Woyamba kufika anali Chule, ali wefuwefu, atasenza madzi m'tsamba.

"Pepani, pepani alamu! Wodwalayo ali kuti?" anafuula Chule. "Kalanga ine, mwamugoneka pouma chonchi? Ine khungu likangouma ndiye kuti ndapita! Madzi, alamu, madzi!"

Nanzikambe anafuna kunena kuti "ayi", koma analephera. Munthu wasenza madzi kuchokera kudambo, ungamubweze bwanji? Anasanduka wobiriwira ngati Chule yemweyo. "Mwanena zoona, alamu," anatero, ndipo madzi anakhuthulidwa pabala.

Posakhalitsa Namzeze anatera, dothi lili kukamwa. "Bala lili poyera!" anadabwa atalavula dothilo. "Ine ming'alu ya nyumba yanga ndimamata ndi dothi lonyowa, ndipo sinagwepo. Timate, bambo!"

"Zoonadi, mayi," anayankha Nanzikambe.

Eee, ntchito inagundika! Achule onse anandanda mzere kutunga madzi, anamzeze ali piringupiringu ndi dothi, nyimbo zili pakamwa ngati paukwati. Kenaka Chule anadumpha m'mwamba ndi nzeru yatsopano. "Tikuvutikiranji kutunga? Wodwalayu timunyamule, akaime m'dambo momwemo!"

Nthungululu zinamveka. Anainyamula nthambi ija akuvina, n'kukaizika m'matope. Nanzikambe ankatsatira pambuyo pang'onopang'ono, diso lina likuthokoza alendo, lina likuyang'ana nyumba yake mwachisoni. Pakamwa pokha ndiye pankangoti, "Zikomo, zikomo kwambiri."

Masiku anapita, Nanzikambe akugona mu udzu. Tsiku lina kabawi anamuphonya pang'onong'ono, moti anapulumukira kunsi kwa chitsa. M'mawa mwake anapita kukaona nthambi, n'kupeza fungo la maluwa lija latha, m'malo mwake kukununkha. Ataidina, inafewa ngati dzungu lophika, ndipo kuda kunali kutakwera kuchokera pansi mpaka pafupi ndi nsonga.

Nthawi yomweyo Chule anafika ndi gulu lake. Nayenso anaidina, n'kuwomba m'manja. "Mwaona? Yafewa! Ndiye kuti yayamba kumwa. Anyamata, thirani ndi kumutu komwe!"

Nanzikambe anayang'ana kansonga kotsalako. Thupi lake linada bii, anafufuma, kukamwa kuli yasa. "Ayi!" anakuwa. "Ayi, ayi, ayi! Ndati ayi!"

Kachule kena kanataya madzi ndi mantha. Nanzikambe yemwe anadabwa kuti mawu otere atuluka mwa iye, koma poti anali atayamba, anapitiriza.

"Mtengo uwu si chule, alamu, ndiponso si nyumba ya namzeze, mayi. Bala lake limafuna mphepo, liume kaye. Taonani bala linalo, lotsala pamtengo paja. Simunalikhudze poopa mavu, ndipo lauma lokha bwinobwino!"

Onse anatembenuka kuyang'ana, ndipo zinali zoona. Chule anakhala pansi. "Ndiye kuti inu munkadziwa kuyambira tsiku loyamba?" anafunsa.

"Ndinkadziwa. Koma ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Mwatikhumudwitsa lero, alamu," anatero Chule, misozi ili m'maso. "Ife tathyoka misana masiku onsewa, tikupha chinthu chomwe timati tikuchiritsa, inu mukungoti zikomo?" Nanzikambe anachita manyazi, moti anasowa mtundu woti asanduke.

Koma Chule sanali wosunga mangawa. Anadzambatuka n'kufuula, "Tanenani tsono, tichite chiyani!" Nanzikambe anati aitane Nkhanu, ndipo Nkhanu anabwera chammbali ndi mapanda ake akuthwa. Anadula nthambi ija, mkati muli bii. Anadulanso, muli bii. Anakwerabe m'mwamba mpaka pomwe mkati munaoneka moyera, utomoni n'kuchucha.

"Ili moyo! Ili moyo!" anakuwa Namzeze akuzungulira m'mwamba.

Chomwe chinatsala chinali kachidutswa kotalika ngati mwendo wa Chule. Anakagoneka pamwala paja, pamthunzi, ndipo mlonda wake anali Chule mwini. Aliyense wodzazonda ankamutchingira patali. "Madzi ayi! Dothi ayi! Onani ndi maso, mupepese, muzipita!"

Bala litauma gwa, anakazika pa dothi la mchenga. Chule ankabwera ndi dontho la madzi, koma ankayamba wafunsa, ndipo nthawi zambiri ankabwerera nalo. Kenaka kunsonga kunatuluka timasamba tobiriwira. Dzinja lotsatira kanachita maluwa, ndipo tsikulo achule anaimba mpaka mawu kusasa.

"Lowani m'nyumba, alamu! Lowani!" anakuwa Chule.

Nanzikambe anagwira ndi dzanja, anagwira ndi linalo, n'kuyamba kukwera, onse akumuchemerera. Asanafike n'komwe pamaluwa, kamtengo kanapendekeka, mizu n'kuyamba kutukuka. Anatsika msangamsanga, ndipo nyimbo inathera pomwepo. Nthambi yaikulu ija akanaisiya kuti iume, bwenzi atalowamo kalekale. Koma tsopano anabwerera mu udzu, komwe anakhala zaka zingapo akuzemba adani, kudikira kuti nyumba yake ikule.

Phunziro: Ngati ukudziwa kuti thandizo lomwe anzako abweretsa liwononga, nena msanga ndiponso mwaulemu. Kukana kumapweteka pang'ono tsiku loyamba, koma kukhala chete kumapweteka onse, ndipo amene amalipira kwambiri ndi iwe wokhala chetewe.