Kasupe Wolipiritsa Nkhope

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanasuzumire pamwamba pa phiri, a Kumagai Shozo ankakhala atakwecha kale miyala ya m'bafa lawo, momwe anthu ankasamba polipira. Kasupe wa madzi otenthayo anali chuma chomwe agogo awo anawasiyira m'mudzi wa Kurumizawa. Madzi ake ankatumphuka pansi pa thanthwe akufuka nthunzi, ndipo ngakhale ankanunkha ngati dzira lowola, nyamakazi inkawaopa. Bafa la amuna linali kumanja, la amayi kumanzere, ndipo pakati panali kauntala pomwe a Shozo ankakhala tsiku lonse, kulandira ndalama ndi nkhani za m'mudzi.

Mudziwo unali utakalamba limodzi ndi eni ake. Sukulu inatsekedwa kalekale, ana anamezedwa ndi mizinda, mwana wa a Shozo nayenso ankangobwera pa chaka chatsopano. Akazi a a Shozo, a Tomie, anagwidwa ndi matenda opha ziwalo mbali imodzi, ndipo lilime lawo linalemera. Amene ankawanyamula, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa phala la mpunga anali Rowena, mayi wa ku Philippines yemwe ankatumizidwa ndi ofesi yosamalira okalamba ya kuchigwa. Anakhala m'deralo zaka zambiri, mpaka kayankhulidwe ka kumapiri kanamulowa m'kamwa. Mawu a a Tomie, omwe ena ankangomva ngati kubuula, iye ankawamva onse. Rowena ankawaitana a Shozo kuti bambo, iwo n'kumayankha. Akaweruka msana ukuwawa, ankaponya ndalama zake pa kauntala ngati wina aliyense wa m'mudzi, n'kukadziviika m'madzi pamodzi ndi amayi anzake.

Kenaka dzina la kasupeyo linawuluka pa mafoni, ndipo mabasi a alendo a m'mayiko akutali anayamba kukwera phiri. Ena anali aulemu. Koma ena ankalowa m'madzi osayamba asamba panja, ena ankaviikamo matawulo a sopo, ndipo mtsikana wina anajambula nkhalamba zili maliseche. Eni mudzi ankafika ndi tizidebe tawo n'kupeza malo adzaza, n'kubwerera akung'ung'udza.

Pamsonkhano wa mudzi anthu anagwirizana kuti alendo ongodzaona malo ochokera kunja azilipira zochuluka, kuti ndalamazo zizikonzera mapaipi ndi kulemba wothandiza. Koma aliyense wokhala m'deralo, kaya anabadwira kuti, azilipira monga kale. Kunali kungofunsa munthu komwe amakhala.

A Shozo anakana mbali yachiwiriyo.

"Ine ndizifunsa mafunso pakhomo la agogo anga ngati wapolisi? Ndili ndi maso. Munthu wakunja amaoneka."

Mlongo wawo, a Fusako, omwe ankasesa bafa la amayi, anawatsina khutu akubwerera kunyumba.

"Achimwene, maso anu omwewa amene dzana anapatsa moni mtengo wa magetsi? Funsani anthu. Nkhope si chiphaso."

"Iwe sesa kwako. Kauntala ndi yanga."

Mawa lake anakhoma chikwangwani cha mitengo iwiri, wa alendo akunja kuwirikiza katatu. Maso aja sanachedwe kuwapusitsa. Bambo wina wakuda khungu wochokera kuzilumba zakumwera kwa dziko lomwelo anamulipiritsa zambiri, ndipo anachoka akutukwana m'chiyankhulo cha makolo a a Shozo. Anyamata ena a dziko loyandikana nalo anatulukira kuti ukangotseka pakamwa n'kuwerama pang'ono umalowa motchipa. Mudzi unaseka. Koma kusekedwa kunangowaumitsa khosi, pakuti munthu wamakani amaona kubwerera m'mbuyo ngati kuvulidwa pagulu.

Tsiku la tsoka linafika m'nyengo yozizira, chipale, madzi oundana ogwa kumwamba ngati ufa, chitakwirira mipanda. Pakhomo panali mzere. Mlendo wina wamtali anali atangokangana ndi a Shozo za mitengo iwiri ija, ndipo anaima pambali akuvula nsapato mokwiya. Pabenchi panakhala a Gonda, mnzawo wa ubwana wa a Shozo, munthu wokonda kukolezera moto uli wa mwini.

Nsalu ya pakhomo inatukuka, ndipo analowa Rowena ndi anzake awiri a ku ntchito, masaya atafiira ndi mphepo. Tsikulo anali atakankha galimoto yawo m'chipale kuti afike kwa odwala. Rowena anaika ndalama za masiku onse pa kauntala, uku akusasa chipale m'tsitsi.

Mlendo wamtali uja anatambasula dzanja, kuloza Rowena, kenaka kuloza chikwangwani. A Gonda anaseka chapansipansi.

"Eya, Shozo, wakufunsatu mzunguyo. Tione lero ngati lamulo lako lili ndi abale."

A Shozo anamva maso a anthu akuwaotcha pakhosi. Mawu amodzi okha akanakwana, akuti uyu ndi wathu. Koma mawuwo akanatanthauza kuti msonkhano unanena zoona, a Fusako ananena zoona, ndipo iwo analakwa. Anakankhira ndalama zija kwa mwini wake ndi nsonga ya chala.

"Sizikukwana."

Rowena anamwetulira, poyesa kuti ndi nthabwala.

"Bambo, ndinetu."

"Ndakuona. Werenga pamenepo."

"Achimwene!" anakuwa a Fusako ali pakhomo la bafa la amayi, tsache lili m'manja. "Mwazungulira mutu? Ameneyu ndi amene wasambitsa alamu anga m'mawa uno!"

"Imeneyo ndi ntchito, amalipidwa. Kuno ndi kwina. Lamulo ndi lamulo."

Kumwetulira kunazima pankhope ya Rowena ngati nyali yothera mafuta. Sanakangane. Anatsegula kachikwama kake, nawonjezera ndalama za anthu atatu, naziika bwinobwino ndi manja awiri monga amachitira munthu kwa mwini sitolo wosamudziwa.

"Mankhwala a amayi ndaika pafupi ndi ketulo, a Kumagai. Musaiwale kuwatembenuza asanagone."

Atatero anatembenuka n'kutuluka, anzake pambuyo. M'madzi omwe analipirawo sanaviikemo ngakhale chala. A Gonda anayang'ana pansi, natola chidebe chawo, nazemba.

Rowena sanajombe ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ankabwera nthawi yake, manja ake ali ofewa pa thupi la a Tomie monga kale. Koma mawu akuti bambo anafera pa kauntala paja. Tiyi yemwe a Shozo ankamuikira ankazizira m'kapu. Ku kasupe sanapondekonso, ndipo antchito anzake onse, omwe ankasamalira theka la nkhalamba za m'mudzimo, analekanso kubwera.

A Tomie anamva nkhaniyi kwa a Fusako. Madzulo ake amuna awo atabwera ndi supuni ya phala, anatseka pakamwa, natembenuzira nkhope kukhoma. Analimbana ndi lilime lawo kwa nthawi, mpaka mawu anatuluka.

"Mwa... na... wanga."

"Idya, mayi. Zimenezo n'zakuntchito, sungazimve."

Misozi inatsikira pa tsaya lakufa lija, ndipo phala linabwerera kukhitchini.

"Pitani mukapepese," a Fusako ankatero tsiku ndi tsiku. "Pakamwa pokha, achimwene. Sakufuna munda wanu."

"Ndipepese kwa mwana? Aiwala yekha."

Komabe mumtima munkawadya. Tsiku lina anaika thumba la maapozi m'galimoto ya Rowena mwakachetechete. Mawa lake Rowena anawathokoza mwaulemu wonse, nasenda maapoziwo n'kuwaphikira a Tomie. Mphatso inabwerera m'nyumba momwe inachokera, ndipo mawu omwe ankadikiridwa sanatuluke.

Zomwe a Shozo sankadziwa n'zakuti chipatala china cha mumzinda waukulu chinakhala chikumuitana Rowena kwa zaka, ndi malipiro abwino ndi nyumba yofunda. Iye ankakana, ati sangasiye a Tomie, amayi ake a kuphiri. Chipale chitayamba kusungunuka, anzake aja anavomera ntchito kumeneko, ndipo ulendo uno naye anavomera.

Tsiku lotsanzikana anapesa tsitsi la a Tomie kwa nthawi yaitali, nawadula zikhadabo, nawaimbira kanyimbo ka kwawo. A Tomie anagwira malaya ake ndi dzanja lamoyo lija osafuna kusiya, mpaka Rowena anachita kumasula chala chimodzichimodzi, uku akulira. A Shozo anaima pakhonde. Galimoto italira, anangoti, "Uyende bwino. Msewu ndi woterera."

Ofesi ya kuchigwa inapepesa. Antchito anali atachepa, ndipo panalibe woti azikwera phiri tsiku lililonse. Ankatumiza munthu mwa apo ndi apo, nkhope yatsopano ulendo uliwonse, wosamva zomwe a Tomie ankanena. Nkhalamba zina za m'mudzimo nazo zinasowa ozisamalira, ndipo moni wa pamsewu kwa a Shozo unafupika.

Iwo anati adzakwanitsa okha. Koma mkono wokwecha miyala si mkono wonyamula munthu. Zilonda zinayamba kutuluka pamsana pa a Tomie. M'mawa wina, powachotsa pa bedi kuti awakhazike pa njinga yawo ya olumala, msana wa a Shozo unachita kuti thobo, ndipo onse awiri anagwera pansi. A Tomie anathyoka fupa la m'chiuno. Anagona pamenepo, mwamuna ndi mkazi, wina osatha kudzutsa mnzake, mpaka a Fusako anawapeza.

Mwana wawo anabwera kuchokera ku Tokyo, nakonza zoti mayi ake akatuluka m'chipatala akakhale kunyumba yosungira okalamba. Malo anapezeka kutali, kuseri kwa mapiri, ulendo wa mabasi awiri. A Tomie, omwe chikwatiwire sanagonepo kunja kwa Kurumizawa, anapita osabwereranso.

A Shozo ankatseka kasupe kuti akawaone. Kumeneko anapeza kuti manja onse osambitsa ndi kudyetsa nkhalamba anali a ana a eni, ochokera kutsidya kwa nyanja. Aliyense wa iwo akalowa m'chipinda, a Tomie ankatukula mutu, maso akuwala, n'kuitana dzina la Rowena. Akaona kuti si iye, ankabwezera mutu pa pilo. Amuna awo akawagwira dzanja sankalichotsa, koma sankawayang'ananso kumaso. A Tomie anamwalira masamba a mitengo atayamba kufiira.

Pamaliro anthu anali ochepa, ambiri a iwo oyenda ndi ndodo. Mwambo uli pakati, chitseko cha kachisi chinatseguka, ndipo analowa Rowena atavala zakuda. A Fusako ndi amene anamuimbira foni, ndipo iye anakwera sitima ya m'mamawa. Anafukiza lubani patsogolo pa chithunzi cha a Tomie, nagwada nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

Anthu akubalalika, a Shozo anamutsatira panja. Pamaso pa a Gonda, pa a Fusako ndi pa mudzi wonse, nkhalamba ija inagwada pa miyala yonyowa, msana wopweteka uja n'kuupinda mpaka chipumi chinagunda pansi.

"Ndinalakwa, mwana wanga. Ndinalakwa kwambiri. Bwerera. Uzidzasamba ulere moyo wako wonse, iwe ndi anzako."

Rowena anawerama, nawagwira m'khwapa monga ankagwirira odwala ake, nawaimiritsa pang'onopang'ono. Anawasasa mchenga pa mawondo.

"Ndinakhululuka kale, bambo. Koma ine sindinkafuna zaulere. Ndinkangofuna kuti tsiku lija munene kuti mukundidziwa."

A Shozo anaweramitsa mutu.

"Uko ndili ndi agogo ena amene akundidikira," anapitiriza Rowena. "Nawonso sindingawasiye. Muzidya, mwaonda."

Anawerama kwa onse, natsika njira ya ku basi.

Kasupe wa ku Kurumizawa akutumphukabe mpaka lero, pakuti madzi sadziwa maliro. Pa kauntala pamakhala a Fusako, ndipo aliyense wolowa amayamba wafunsidwa komwe amakhala, kenaka n'kufunsidwa ngati wayenda bwino. A Shozo amakhala kunyumba, m'chipinda momwe muli bedi lopanda munthu. Pofuna kuteteza madzi a makolo awo kwa alendo, anathamangitsa yekhayo amene anasiya kwawo n'kudzawasenzera katundu yemwe mwana wobereka okha sanathe kusenza. Akuluakulu sananame pamene anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.