Dothi la Pamanda a Filina

M'masiku amene mizinda ya Agiriki inkanjenjemera ikamva dzina la Perisiya, panali munthu wina wokumba zitsime, dzina lake Mikoni. Ankakhala mumzinda waung'ono wa pachilumba, koma sikunali kwawo. Anafikako ali mnyamata, pothawa njala ya kumapiri kumene anabadwira, ndipo anakhala zaka makumi atatu ndi ziwiri akufukulira eni ake madzi.

Mudziwe kuti Agiriki analibe mfumu imodzi. Mzinda uliwonse unali dziko pawokha, ndi linga lake ndi mikangano yake. Kwina kunkalamula mafumu, kwina anthu ochepa olemera. Mumzinda umene ndikunenawu munkalamula bwalo. Amuna onse amene anali nzika ankakhala pamiyala m'mbali mwa phiri, kumvetsera, kulalatirana, kenako kukweza manja. Manja akachuluka, nkhani yatha. Ikatha, mmisiri ankazokota chigamulocho pamwala, mwalawo n'kuimikidwa pamsika kuti wina asadzakane mawa. Chimene sichinalembedwe pamwala sichinali mawu a mzinda. Eni ake ankanyadira mwambo umenewu kuposa vinyo wawo.

Koma mlendo analibe dzanja lokweza. Sankaloledwa kukhala ndi munda, ngakhale wokwana kugonapo mbuzi. Pabwalo sankayankhula yekha. Ankayenera kukhala ndi nkhoswe, nzika yomuyankhulira. Nkhoswe ya Mikoni anali Fayidimo, mwini minda ya azitona, munthu wa lilime losalala. Ndipo mlendo akafa ankaikidwa kunja kwa linga, pachitunda cha miyala pamene pankadya mbuzi.

Pachitunda pamenepo m'pamene panagona Filina, mkazi wa Mikoni. Ana analibe. Mikoni ankafuna chinthu chimodzi chokha m'moyo wake wotsala: kuti kamalo ka mapazi anayi ozungulira mtumbira wa mkazi wake kakhale kake, kuti wina asadzalimepo mpesa, ndi kuti iye akadzafa adzagone pambali pake. Anapempha katatu kudzera mwa Fayidimo. Katatu konse bwalo linali ndi nkhani zina zofunika.

Chaka china padoko panafika amithenga a mfumu ya Perisiya. Anali ovala mabuluku, ndipo anthu anayamba awaseka, poti Agiriki sankavala zotero. Kuseka kunatha amithengawo atanena chimene anadzera. Mfumu yawo inkafuna zinthu ziwiri zazing'ono: dothi lodzaza dzanja ndi madzi odzaza chikho. Mzinda wopereka zimenezi unkavomera kuti nthaka yake ndi mitsinje yake n'za mfumu, ndipo unkasiyidwa wamoyo. Wokana unkayembekezera zombo. Anapatsa mzindawo masiku atatu.

Bwalo linakumana m'mawa. Mpaka dzuwa lili pamutu, aliyense anali ngwazi.

“Ife kugwadira anthu ovala matumba m'miyendo?” anakuwa wogulitsa nsomba wina. “Abwere! Tiwamiza!”

“Uwamiza ndi chiyani, fungo lakolo?” anamuyankha mkulu wina wosoka matanga a zombo. “Zombo zathu n'zisanu. Chimodzi chikudontha, ndipo china ndi chija unachigundiza pathanthwe iwe.”

Anthu anaseka, koma atatha kuseka anayamba kuwerenga zombozo pa zala. Dzuwa litapendeka, wolengeza anafunsa kuti ofuna kupereka dothi ndi madzi akweze manja. Manja anakwera ngati mapesi m'munda. Nkhope zonse zinali zoyang'ana pansi.

Kenako panabwera funso lovuta: akapereke ndani? Aliyense anali ndi chifukwa. Wina mwendo, wina maliro, wina dzina la agogo ake amene anafera pankhondo. Pamenepo Fayidimo anaimirira n'kunena kuti akudziwa munthu amene dothi ndi madzi ndiyo ntchito yake.

Anamupeza Mikoni ali m'dzenje, matope mpaka m'mawondo.

“Achimwene,” anatero Fayidimo, amene m'zaka zonsezo anali asanamutchulepo choncho, “tatulukani, mwayi wanu wafika. Bwalo lagwirizana. Mukapereke dothi ndi madzi kwa alendo aja, ndipo mukabwerako ndinu nzika. Chitunda chija mudzasankhapo nokha malo.”

“Bwana, zimenezi zilembedwa pamwala?”

“Ha, inunso! Mmisiri watupa dzanja. Kodi simukukhulupirira manja mazana asanu? Ndinawaona ndi maso angawa.”

Mikoni anayang'ana kumwamba, kumene nkhope ya Fayidimo inatseka pakamwa pa chitsime. Zaka makumi atatu anadutsa pamsika akuona miyala ija. Ankadziwa chimene ankayenera kunena. Koma anaganiza za mapazi anayi aja, n'kugwira chingwe, n'kukwera.

M'mawa mwake anatenga kathumba ndi chikho n'kulowa m'munda woyamba. Mwini munda anamuthamangira.

“Osati muno, mkulu wanga. Munda uno anausiya bambo anga. Pita kwa oyandikana nawowo, dothi lawo n'lofewa.”

Woyandikana nayeyo anamutumiza kwa wina. Winayo anamasula galu. Pamsika wansembe anati dothi la pamenepo n'la milungu. Anapita kwa Fayidimo, ndipo wantchito anatuluka n'kunena kuti abwana agona, mutu ukuwapweteka. Ndi madzinso chimodzimodzi. Zitsime khumi ndi zisanu ndi zinayi za mumzindamo anakumba ndi iye, ankadziwa kakomedwe ka madzi a chilichonse, koma pa chilichonse panali munthu ataima, manja atapinda pachifuwa. Onsewo anali atakweza manja dzulo lake.

Tsiku lachitatu kunacha kathumba kali kopanda kanthu. Amithenga anali atayamba kumasula zingwe za chombo chawo. Akazi anaima m'makomo atanyamula ana, akumuyang'ana Mikoni ngati iye ndiye akuchedwetsa dala.

Choncho Mikoni anatunga madzi a mvula mumtsuko wa pakhomo pake. Kenako anatuluka pachipata cha linga n'kukwera chitunda cha mbuzi. Anagwada pamtumbira wa Filina.

“Undikhululukire, mkazi wanga,” anatero. “Ndikuchotsako pang'ono chofunda chako, kuti mawa malo ano akhale athu.”

Anatapa dothi ndi dzanja limodzi n'kuthira m'kathumba.

Mkulu wa amithenga analandira osamuyang'ana kumaso. Anamanga kathumbako, n'kukaponya mudengu mmene munali timatumba tina tambiri ta mizinda ina. Patapita miyezi, zombo za Aperisiya zinadutsa pafupi ndi chilumbacho, zochuluka moti nyanja inkaoneka ngati yamera nkhalango. Sizinaime. Chilumba choyandikana nacho, chimene chinakana, chinafuka utsi masiku atatu, ndipo phulusa lake linkagwera pazovala zoyanikidwa.

Masiku amenewo Mikoni ankapatsidwa nkhuyu ndi vinyo m'khomo lililonse. Aliyense anali kumutchula achimwene. Akafunsa za mwala, ankamusisita paphewa. Dzanja la mmisiri linali litapola, ndipo linazokota lamulo la mitengo ya nsomba ndi lamulo loletsa nkhumba pamsika. La Mikoni ankati lidikire nkhondo ithe.

Nkhondo inatha mmene munthu sanayembekezere. Mizinda imene inakana kugwada inaika pambali mikangano yake, inasonkhanitsa zombo, n'kukokera Aperisiya pamalo opanikiza a nyanja pamene kuchuluka kwawo kunasanduka msampha. Chaka chotsatira anawagonjetsanso pamtunda. Otsala anabwerera kwawo. Ndipo opambanawo anali atalumbira kuti mzinda uliwonse umene unapereka dothi ndi madzi udzalangidwa.

Zombo khumi za Agiriki zinafika padoko. Mkulu wa zombozo, munthu wa chipsera pakhosi, anakwera kubwalo ndi asilikali ake. Anati ngati mzindawu unagwadira Perisiya, linga lake ligwetsedwa ndipo atsogoleri ake atengedwa m'maunyolo.

Fayidimo anaimirira, nkhope ili yowala ngati wamva nkhani yabwino.

“Mlendo wolemekezeka, mwambo wathu mukuudziwa. Tsikirani pamsika, muwerenge miyala yonse. Mukapeza pamene palembedwa kuti mzinda uno unapereka dothi, mundimange ine poyamba.”

Anatsika, anawerenga. Anapeza za nsomba ndi za nkhumba.

“Koma dothi linaperekedwa,” anatero mkulu wa zombo. “Aperisiya amene tinawagwira anatchula chilumba chino.”

“Tikumva kuti zinaterodi, ndipo zimatichititsa manyazi,” anayankha Fayidimo. “Anzanga, alipo pano amene analola kuti atape m'munda mwake? Alipo amene analola kuti atunge pachitsime chake?”

Mmodzi ndi mmodzi anaimirira n'kulumbira pa milungu kuti anakana. Wa galu uja anafotokoza mmene anamasulira galu wake, anthu n'kumuombera m'manja. Palibe amene ananama.

Anabwera naye Mikoni n'kumuimika pakati. Kanali koyamba kuponda pabwalopo.

“Iwe, dothi lija unalitenga kuti?” anafunsa mkulu wa zombo.

“Pamanda a mkazi wanga, bwana.”

“Ali m'kati mwa linga?”

“Ali kunja. Koma amene anandituma ndi—”

Wolengeza anamenya ndodo pansi. “Mlendo sayankhula pabwalo! Ali ndi nkhoswe yake.”

Nkhosweyo anapukusa mutu mwachisoni. “Munthuyu ndamuyang'anira zaka zambiri. Ndi wolimbikira ntchito, koma imfa ya mkazi wake inamusokoneza. Anachita yekha, ndi dothi la alendo anzake. Limenelo si dothi la mzinda uno. Ndikupempha kuti asaphedwe. Angochoka.”

Mkulu wa zombo sanali chitsiru. Anayang'ana Mikoni, anayang'ana anthu mazana asanu aja, ndipo ankaoneka kuti wamvetsa zonse. Koma anali ndi zilumba zina zisanu ndi ziwiri zoti afikeko mphepo isanasinthe, ndipo munthu mmodzi ndi wosavuta kunyamula kusiyana ndi linga. Anati bwalo ligamule.

Wolengeza anafunsa kuti ofuna kuti wokumba zitsime achoke pachilumbacho mpaka kalekale akweze manja. Mikoni anawayang'ana manjawo. Ankawadziwa. Anali omwe aja. Ulendo uno nkhope zinali zoyang'ana kumwamba. Mmisiri anali kale pamsika ndi chitsulo chake, ndipo dzuwa lisanapendeke dzina la Mikoni linali pamwala.

Asanamutsitsire kudoko anapempha kukwera chitunda komaliza. Anamulola, alonda awiri ali pambuyo. Anagwada, anachotsa udzu umene unamera pamtumbira, n'kutapa dothi lodzaza dzanja kuti amange pansonga ya nsalu yake, apite nalo kulikonse kumene chombo chikamutaye.

“Siya!” anatero mlonda wina. “Sunamve? Bwalo lagamulanso utangotuluka. Kuyambira lero dothi la mzinda uno lisatulukenso pachilumba chino, ngakhale kamchenga kamodzi.”

“M'mawa munati ili si dothi la mzinda.”

“Umenewo unali m'mawa, madala. Tsegula dzanja.”

Anatsegula. Mlonda anamukuntha chikhatho mpaka chinayera.

M'chombo Mikoni anakhala kumbuyo, pakati pa mitsuko ya mafuta, akuyang'ana chitunda cha mbuzi chikuchepa. Wopalasa wina anamumvera chisoni n'kumubweretsera madzi kuti asambe m'manja adye. Mikoni anakana. Anakhala atafumbata zala zake pachifuwa. M'zikhadabo zake munali mutatsalira timizere takuda, ndipo chimenecho ndicho chokha chimene anatuluka nacho pa zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Inu amene mukumva fanizoli, ambiri a inu mwakhalapo alendo m'mizinda ya eni, monganso ine. Mwakumba zitsime zimene simumwapo. Tsiku lina adzakutchulani achimwene, n'kukupatsani kathumba kamene iwo sakufuna kukagwira. Musanatuluke m'dzenjemo, funsani kuti dothi lichokera m'munda mwa yani, ndipo dzina la wokutumaniyo lalembedwa pati. Akakuuzani kuti mmisiri watupa dzanja, khalani momwemo mpaka apole.

Ndipo inu eni mudzi, amene muli ndi manja okweza pamisonkhano, musadzitame kuti simunanamepo. Anthu mazana asanu aja sananame ngakhale liwu limodzi. Madzi a m'zitsime za Mikoni anapitiriza kumwa, ndipo pachitunda paja analimapo mpesa. Dzanja lanulo musanalikweze, liyang'aneni m'zikhadabo. Mukapeza muli mbee, dziwani kuti dothi lanu analitapa ndi wina, ndipo mufunse kumene ali lero.