Khomo Limene Bambo Sanatseke

Panali munthu wina wamkazi, Esinati, amene ankagwira ntchito mumzinda, bambo ake okalamba ali okha ku Ntchisi. Anawaikira kamera ya sola pakhonde. Kuti ena asamasuzumire, ankaiona kudzera pa VPN, kanjira kobisika ka pa intaneti. M'mawa uliwonse akafika ku ofesi ankatsegula n'kupereka moni, bambo ali pampando wawo n'kukweza dzanja.

Kenaka Esinati anasiya ntchito kuti ayambe geni ya kaunjika. Bambo anapsa mtima.

"Sukulu yonse ija kuthera pa kaunjika? Chidiso chako cha pakhondechi ndichizula."

Intaneti ya ku ofesi inatsala ku ofesi komweko. Esinati anagula bandulo ya pa foni, natsegula VPN. Inakana. Mawa lake inakananso, pamene zina zonse pa foniyo zinkayenda bwino.

"Azuladi," anatero mumtima.

Sanaimbe foni. Anati wotseka ndiye atsegule. Bambonso sanaimbe, pakuti kwa iwo moni amayamba ndi mwana. Mvula inagwa, chimanga chinacha, bambo anamwalira.

Pamaliro, Esinati anapeza kamera ili pamalo pake, yopanda ndi fumbi lomwe. Azakhali ake anamuona akuiyang'ana.

"Achimwene ankaipukuta ndi mpango m'mawa uliwonse," anatero. "Akatero amakhala apa n'kukweza dzanja. Amati mwina ukuona, wangokhala chete chifukwa cha mkwiyo."

Atabwerera mumzinda anapita kwa wokonza mafoni.

"Achemwali, pa intaneti pali makomo ambiri, lililonse ndi nambala yake," anatero munthuyo. "Kampani ya foni imatseka ena. VPN yanuyi imagogoda pa lotsekedwa. Tiyese lina."

Anasintha nambala imodzi. Khonde linaoneka, ndi dzuwa la masana, ndi nkhuku ikutola zakudya pansi pa mpando.

Esinati anayang'anitsitsa mpandowo. Kenaka anapereka moni, motsitsa mawu.

Inu amene mukumva, mwina pali wina amene munaleka kumulankhula chifukwa munagogoda osayankhidwa. Kodi munafunsa amene anatseka? Esinati anali ndi nambala ya bambo ake m'foni yomweyo imene inkakana VPN. Ngati wanuyo akali moyo, yesani khomo lina lero.