Jekete la M'nyumba ya Kumapeto

Atelala adapalasa makina osokera zaka makumi atatu mpaka kumanga nyumba zinayi za lendi mumpanda umodzi. Maondo atayamba kuwakana, adafuna munthu woti aziyang'anira nyumbazo, kusankha alendi ndi kukonza zowonongeka.

Akazi awo adawalangiza kuti alembe mayi wina wodziwa ntchitoyi, amene amasainirana pangano ndi eni nyumba. Atelala adangotsonya. Adati sangapatse mlendo makiyi pomwe mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo yekhayo, akungokhala manja lende. Makiyi onse adapita kwa mkamwini.

Chaka chidatha bwinobwino. Mkamwini ankawauza apongozi ake kuti asamavutike n'kupitako, iye alipo.

Tsiku lina mlendi wina adaimba foni kuti paipi yaphulika ndipo madzi akuchokera m'nyumba ya kumapeto. Foni ya mkamwini sinkapezeka, choncho atelala adatenga ndodo yawo n'kupita okha.

Adawatsegulira ndi mayi wachitsikana, khanda lili kumsana. Atelala adalowa akuyang'ana pansi pofuna kuona pomwe madzi akutuluka. Podzutsa mutu, adaona jekete lakuda litakolekedwa pampando. Msoko wake adaudziwa ngati chikhatho chawo, pakuti adalisoka okha kuti mkamwini avale pa ukwati wa mwana wawo. Pakhoma panali chithunzi cha mkamwini yemweyo, akumwetulira, atanyamula khandalo.

Adafunsa mayiyo kuti jeketelo ndi la yani.

"Ndi la amuna anga, eni ake a nyumba zonsezi," adayankha mayiyo mwaulemu. "Kodi inu ndinu okonza mapaipi?"

Atelala adakhala pansi osauzidwa. Madzi ankawanyowetsa nsapato iwo osamva.

Madzulo adamuitanitsa mkamwini kushopu yawo yosokera, akuti amulande makiyi pomwepo. Iye sadakane kanthu. Adawaika makiyiwo pamakina mwakachetechete.

"Tengani, bambo. Koma mwana wanu akafunsa chifukwa chake, mumuuze ndinu. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo adokotala adati magazi ake akuthamanga, asamve zodzidzimutsa."

Atelala adawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali. Kenako adawakankhira kwa mkamwini.

Kunyumba adafotokozera akazi awo monong'ona, chitseko chili chotseka. Mayiwo adagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Atapezako mphamvu adati akadakhala mlendo, kalata imodzi ikadakwana kumuchotsa, koma uyu kumukhudza n'kukhudza mwana wawo ndi mdzukulu wosabadwa.

Lamlungu mkamwini adabwera kudzacheza ndi mkazi wake monga mwa masiku onse. Mwana wawoyo adathokoza bambo ake chifukwa chokhulupirira mwamuna wake. Atelala adangogwedeza mutu, maso ali pansi, pozindikira kuti makiyi aja adampatsa okha. Akuluakulu sadaname: khoswe akakhala pamkhate sapheka.