A Zalimba Afunafuna Deliya

Panali munthu wina, dzina lake a Zalimba, amene analondera geti m'tauni zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi chipewa, wezulo ndi mawu amodzi: ndikudziwa. Ukawauza kuti kunja kwacha, ankati ndikudziwa. Ukawanong'oneza kuti zipi yatseguka, ankati ndikudziwa.

Analima dimba la mpiru moyandikana ndi la Nangondo, mayi wamasiye. M'malire mwa madimbawo munali chitsamba chachitali cha maluwa achikasu, ngati mpendadzuwa wosabala. A Zalimba analawa tsamba lake tsiku lina, nkhope n'kukhala yokwinyika mpaka madzulo. Kuyambira pamenepo ankachisadza Loweruka lililonse, masambawo n'kumaponyera kwa Nangondo kuti amukhaulitse. Nangondo ankangoti zikomo achimwene.

Mwezi usanathe nsabwe zinagwa m'dimba. Mpiru wa a Zalimba unapinda masamba. Wa Nangondo unali biriwiri, masamba ngati makutu a njovu. Kunyumba akazi awo anali atanena kale kuti mpiruwo ukafa, ndiwo za chilimwe chonse akazifune okha.

Kufunsa sanafune. Anangodutsa akutsokomola, n'kuuza khasu lawo kuti anthu ena ndi amwayi. Nangondo anawamva.

"Si mwayi, achimwene. Amandithandiza ndi deliya. Nsabwe zikangomumva zimathawa. Ndikuonetseni?"

"Ndikudziwa," anatero a Zalimba.

M'mutu mwawo Deliya anali mayi wina wodziwa mankhwala. M'mawa anamanga tambala wa malipiro panjinga, ulendo. Paja kufunsa mlendo sikupweteka, minga ili pofunsa mnansi. Anafunsa pachigayo, anafunsa pamjigo, midzi itatu, ngati alipo akudziwa Deliya amene nsabwe zimamuthawa. Anthu anawalozera kwa Mayi Deliya ogulitsa usipa, mayi wathupi lodalitsika.

Mayi Deliya anamva pempholo. Anayang'ana a Zalimba, anayang'ana tambala, anaona kuti tambalayo ndi wonenepa. Anati tiyeni.

Chitunda chonse a Zalimba anapalasa, Mayi Deliya ali pakaliyala, thukuta kamukamu. Atafika anawaikira mpando pakati pa mpiru. Mayi Deliya anakhala, akudya nzimbe. Dzuwa linapendeka. Nsabwe sizinasunthe, zina zinakwera pachitenje.

Apa n'kuti akazi a a Zalimba atamva kuchigayo kuti amuna awo akuzungulira midzi kufuna Deliya, ndipo amupeza, amukweza pakaliyala. Anafika kudimba chitenje atamanga m'chiuno, n'kufunsa mofatsa kwambiri ngati mlendoyo adzagona kuchipinda kapena pabalaza.

Nangondo anaseka mpaka anakhala pansi. Atapuma anakoka chidebe chimene ananyikamo masamba, madzi ake obiriwira, onunkha.

"Deliya ndi uyu, achimwene. Yemwe mumandiponyera Loweruka lililonse. Wina ndimakwirira m'mabedi, amawola msanga n'kukhala manyowa. Wina ndimanyika, madziwo n'kuwaza ndi tsache. Ndimati mumandipatsa chifukwa cha chifundo."

A Zalimba anayang'ana chitsamba chija. Chinali chitaphukanso, maluwa ake ngati akuwaseka. Pakamwa pawo panatseguka kuti patuluke mawu amasiku onse. Amayi atatu anadikira. A Zalimba anavula chipewa.

"Sindikudziwa, achemwali. Amagona masiku angati m'madzi?"

Theka la mpiru linapulumuka. Tambala anapita ndi Mayi Deliya, poti ntchito yokhala pampando anaigwira yonse. Ndipo anakana kubwerera wapansi. A Zalimba anapalasanso.

Tsono nayi ndagi yanu, inu mwakhala apa. N'chiyani chimene munthu amataya kuseri kwa malire m'mawa, masana n'kukachifuna midzi itatu? Musathamangire kuyankha. Amene wati ndikudziwa ndisanamalize, ayambe kupopa matayala, Mayi Deliya akudikira. Chimene chakuwawirani pakamwa musafulumire kuchitaya, mufunse kaye dzina lake. Ndipo mnansi akati ndikuonetseni, inu muziti ndionetseni. Mawu amenewo ndi opepuka kuposa kaliyala.