Foni ya a Nazimbiri ndi Asewere Olemera

Aphunzitsi akakuuzani kuti miyambi yonse inabwera ndi makolo ovala nyanda, vomerani, ana inu, kuti mukhoze mayeso. Koma ulipo umodzi umene unabadwira pa Lizulu dzanadzanali, pambali pa chiwaya cha tchipisi, ndipo amene anauona ukubadwa akadali moyo, ena ndi mano omwe.

Pamsika pamenepo panali mayi wina wokazinga tchipisi, a Nazimbiri. Tchipisi chawo chinkanunkhira moti mathiraki ankaima okha dalaivala asanaponde buleki. Mwana wawo Ndaziona, namwino wa ku Dedza, anawagulira foni yamakono, ija yosisita, n'kuiikira loko wotsegula ndi chala. Koma chala cha munthu wa pachiwaya sichiuma mafuta. Akati atsegule, foni inkawakana ngati sikuwadziwa.

"Chinthu chogula mwana wanga chizindikana ine?" anatero a Nazimbiri. Anapita kwa wokonza mafoni nachotsetsa lokoyo, foni n'kukhala ngati nyumba yopanda chitseko.

Nthawi imeneyo Ndaziona anali pakhomo kukonzekera chinkhoswe chake, chimene chinali Loweruka. Bambo a mnyamata wofuna kumukwatira anali a Kaliwamba, munthu wa golosale ndi khola la ng'ombe, wosaseka wamba. A Nazimbiri, posangalala, anawalemba m'foni kuti Asewere Olemera.

Tsiku la msika, mafuta atalilima pachiwaya, a Nazimbiri anasiya foni pabenchi kuti achotse nkhuni. Potembenuka, pabenchi panali mchere ndi tsabola basi.

A Nazimbiri atafika kunyumba ndi nkhaniyi, Ndaziona sanataye nthawi ndi kulira. Anaimbira kampani ya foni kuti atseke akaunti ya ndalama ya mayi ake. Anasintha mapasiwedi a masamba a mchezo. Anali pafupi kutseketsa simukhadi pamene njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika a Kaliwamba eni ake, osatuma n'komwe ankhoswe, ndipo mpando anaukana.

"Werenga, mwana iwe," anatero, akupereka foni yawo kwa Ndaziona. "Mokweza, amve amene analemba."

Ndaziona anawerenga. Uthenga woyamba unkati, Asewere olemera, tumizani ya mbuzi ziwiri, apo ayi mwana sitikupatsani. Wachiwiri unkati, Kulemera konseko koma kuumira ngati fupa la ng'ombe yokalamba.

A Nazimbiri anapukusa mutu. "Asewere, foni yabedwa lero lomwe. Si ine."

"Aliyense akatukwana n'kuchita manyazi amati foni yabedwa. Wakuba wa pamsika angadziwe bwanji kuti ine ndi asewere anu?"

A Nazimbiri anakumbukira dzina limene anawalemba m'foni muja, koma anachita manyazi kulitchula.

"Ndionetseni wakubayo ali ndi foni m'manja," anatero a Kaliwamba akukwera njinga. "Apo ayi, Loweruka thadzi lanu ligone kwanu, tambala wathu agona kwathu."

Fumbi la njinga litatha, Ndaziona anapukuta maso nakhala pansi. Imelo ya m'foni yobedwayo anatsegula ndi iye, pasiwedi ankaidziwa. Analowa nayo pafoni yake, panatuluka mapu.

"Amayi, simukhadi ija sititseka. Tikatseka, foni sionekanso pano. Wakubayo akangoiyatsa, paoneka kadontho kosonyeza pamene ali."

"Nanga sungaimange ili komweko, asiye kunditukwanitsa?"

"Ndingathe. Koma akaona kuti yamangika aiponya m'chimbudzi, umboni wathu n'kupita nayo."

Tsono pakhomopo panali bambo a Ndaziona, a Gwedeza, telala wa mtima wapachala. Munthu ameneyu ankaomba m'manja nkhuku isanaikire kuti ifulumire. Kadontho katangoonekera koyamba cha kumsika wa kabichi, iwo anali ataimba kale.

"Iwe wakuba, tikukuona! Ima pomwepo!"

Kadontho kanazima.

"Ababa, mwamuthawitsa," anatero Ndaziona.

"Ndamuopseza. Abweza yekha, uona."

Sanabweze. M'mawa mwake kadontho kanaonekanso kutsidya kwa msewu, ndipo a Gwedeza, amene analonjeza kuti saimbanso, anatumiza uthenga wakuti apita kwa sing'anga wa ku Mozambiki, wakubayo atupa mimba ngati ng'oma. Kadontho kanazimanso, ulendo uno tsiku lathunthu. Koma kasanazime, a Kaliwamba anali atalandira uthenga wina, wonena za mphuno yawo. Mnyamata wa Ndaziona anaimba kuti kwawo aletsa amayi kusinja chimera.

Lachisanu kunacha ndi mvula. A Nazimbiri sanakoleze moto pachiwaya. Anakhala pakhonde pamodzi ndi mwana wawo ndi amuna awo, onse maso pamapu opanda kanthu. M'nyumba munali madengu, mphasa ndi zitenje za chinkhoswe, ndipo palibe amene ankafuna kuyang'anamo. A Nazimbiri ankaganiza za mawa: anthu atasonkhana, akuchimuna osabwera, mwana wawo atavala n'kuvulanso.

Pamwendo wa chiwaya, chimene anachiimika pakhondepo, pankakwera nkhono. A Gwedeza, posowa chochita ndi manja, anathyola kaudzu.

"Amati kanthu aka kali ndi maso. Ine sindinawaonepo."

Nkhono itangoyamba kutulutsa tinyanga, anaigwaza ndi kaudzu kuti aone bwino. Inabwerera m'chigoba. Itayambanso, anaigwazanso. Inabwereranso, n'kukhalitsa.

A Nazimbiri anawagwira dzanja. "Bambo a Ndaziona, taisiyani."

"Ndikufuna ndione maso."

"Ndiye taisiyani."

Anadikira, mvula ikugogoda malata. Patapita nthawi nkhono inatulutsa kanyanga kamodzi, kenako kena, n'kutitambasula mpaka kumapeto, ndipo kunsonga kwake kunali timadontho takuda tiwiri. A Nazimbiri anayang'ana timaso timeneto, nayang'ana mapu, nayang'ana amuna awo.

"Bweretsani foni yanu."

"Ya chiyani, mayi a Ndaziona?"

"Bweretsani."

Anailandira, anaimanga pamfundo ya chitenje, n'kuikhalira.

Dzuwa litapendeka, mvula ikukata, kadontho kanaonekera. A Gwedeza anadzambatuka, manja akufufuza m'matumba opanda kanthu.

"Ndingomuuza mawu amodzi okha."

"Khalani pansi."

Kadontho kanayenda pang'onopang'ono kutsata msewu. Kanaima. Kanayendanso. Kanakhota kuseri kwa msika, kanaima pachigayo, ndipo sikanasunthenso.

"Akutchaja," ananong'ona Ndaziona. "Pachigayo paja amatchajitsa mafoni."

"Wakhulupirira kuti tatopa naye," anatero a Nazimbiri. "Imbira a chitetezo cha m'mudzi, tisapite tokha. Ukatero uimbire asewere. Uwauze kuti abwere ndi maso awo."

Anakumana kuseri kwa chigayo: a Nazimbiri, Ndaziona, amuna awiri a chitetezo, a Kaliwamba ndi ambulera yawo, ndi a Gwedeza amene analamulidwa kuyenda kumbuyo atatseka pakamwa. M'kati munali anthu ngati nyerere, aliyense woyera ndi ufa, ndipo pakhoma panali mafoni ambiri pamawaya. Mapu amakufikitsa pakhomo, sakuloza munthu. A Nazimbiri anayang'ana pakhomapo. Yawo panalibe.

"Ndiye ili kuti?" anafunsa a Kaliwamba. "Mwandiyendetsa m'matope kuti ndidzaone gaga?"

Mmodzi wa a chitetezo anaima pakhomo, mnzake anakanong'oneza mwini chigayo. Injini inazima. Anthu anatembenuka kudabwa.

"Tsopano," anatero a Nazimbiri.

Ndaziona anadina pafoni yake batani loliza foni yobedwa ngakhale wakuba ataitsekera mawu. Inalira. Akuti inalira moti malata a chigayo ananyamuka n'kukhalanso, ndipo nkhuku za kutsidya ku Mozambiki zinasiya kuikira sabata yonse. Kulirako kunkachokera pakona, pamene bambo wina wogulitsa malamba anakhala pathumba la chimanga, waya wa tchaja utalowa m'jekete. Anayesa kuikanikiza ndi chigongono. Anayesa kutsokomola kuti aphimbe. Pothamangira kukhomo anagwera m'manja mwa a chitetezo.

A Kaliwamba anatola foniyo okha. Panali uthenga wolembedwa theka, wonena za makutu awo. Anauwerenga, kenako maso awo anakwera pamwamba, pamene panali dzina la wolandira. Anatembenukira kwa a Nazimbiri.

"Mauthenga analemba ndi uyu, ndaona. Nanga dzina ili, Asewere Olemera, analembanso ndi iyeyu?"

Chigayo chonse chinatchera khutu. A Gwedeza anatsegula pakamwa, Ndaziona anawaponda phazi.

"Limenelo ndinalemba ndine," anatero a Nazimbiri. "Kodi ndinanama, asewere?"

A Kaliwamba anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, masharubu akugwedera.

"Simunaname," anatero. "Auzeni ankhoswe anu kuti tifika mmamawa. Koma foniyi muiikire loko lero, ndipo manja muzipukuta."

Pachinkhoswe, anthu atafunsa kuti wakubayo anamugwira bwanji, a Nazimbiri anayankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mawuwo anakwera mathiraki n'kufalikira dziko lonse, mpaka analowa m'mabuku a sukulu, kumene anawanamizira makolo.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Zilipo zinthu zofuna liwiro: foni ikatayika, akaunti ya ndalama ndi mapasiwedi mutseke nthawi yomweyo, musanamwe n'komwe madzi. Koma chimene chabisala sichituluka ndi phokoso. Ukachigwaza chimalowa m'kati, ukachigwazanso chimakhalitsa. Wofuna kuona chobisika amange manja ake, atseke pakamwa, adikire mpaka chidzitulukire chokha, ndipo ngati pakhomo pali a Gwedeza, awakhalire foni.