Mwini wake wa ngalande

Nyumba imene Jonasi Kamwendo anapeza ku Mandeya inali yakale moti malata ake anali atafiira ngati dothi la m'phiri, koma iye ankaiyang'ana ngati mkwatibwi. Anabadwira m'dziko la olankhula Chishona, mu komboni ya esiteti ya tiyi, m'chipinda chimene bambo ake, ochokera ku Mulanje, anangobwerekedwa chifukwa cha ntchito. Moyo wake wonse ankamva mawu amodzimodzi, kusukulu, kumpira, ngakhale pamaliro: inu mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, mulibe kwanu. Amene sanatukwanidwepo motero sangamvetse chifukwa chake munthu wamkulu, ndevu pepeya, angasisite khoma lodyeka ndi chiswe n'kumamwetulira yekha.

Analowa m'nyumbamo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali iye, mkazi wake Chenesai, mphaka wakuda, ndi galu wamkazi wa bere amene anamutcha Anenenji poyankha onse amene ankamuseka. Mwana wawo Chenai anali kusukulu yogonera konko.

Nthawi inali yochepa. Bambo ake a Jonasi anali atamwalira mu Julayi, ndipo akuluakulu a esiteti analembera mayi ake kalata yoti atuluke mu komboni chaka chisanathe, poti wantchito wawo kulibenso. Zaka makumi anayi za kuthyola tiyi, zikomo wake kalata ya mizere itatu. Choncho chipinda cha kuseri, choyang'ana kuphiri, chinayenera kukonzeka Khirisimasi isanafike, apo ayi mayi wokalambayo akanasowa potsamira mutu.

Jonasi anagwira ntchito ngati wothamangitsidwa. Anatulutsa mileme kudenga, anamata ming'alu, anaika zenera latsopano, napaka penti yobiriwira imene mayi ake ankaikonda. Chokhacho chimene chinkamusowetsa mtendere chinali ngalande yakuya kulekeza m'chiuno, yoyalidwa miyala, imene inkadutsa kuseri kwa chipindacho n'kutsikira m'mbali mwa munda wa nthochi wa mnansi. Inali youma gwa, yodzaza udzu ndi zitini zadzimbiri. Galu anali atagweramo kale kamodzi. Nanga mayi ake, amene maso anali atayamba kuchita chidima, akanapulumuka bwanji popita kuchimbudzi? Anaganiza zoikwirira, pamwamba pake n'kumangapo khola la galu ndi kanjira kosalala.

Tsiku limene anayamba kuthira dothi ndi wilibala kunabwera Baba vaShingai, mwini wa nthochi zija, Mmanyika wa imvi, mbadwa ya dzikolo, amene anakalambira pamalopo. Anaima chipewa chili m'manja, nalankhula m'Chishona mofatsa.

"Mugero uyu hausi wenyu, mwanangu. Une muridzi."

Ndiko kunena kuti ngalandeyi si yanu, ili ndi mwini wake.

Mawu akuti si yanu anagwera pa chilonda chakale. Jonasi sanadikire kuti mkuluyo amalize. Anaponya fosholo pansi, namuuza kuti pepala la malowo lili m'nyumba, malire ake ndi mtengo wa mapeyala uko, ndipo nthawi yoti mwana wa Mnyanja aziuzidwa poponda inapita kalekale. Mkuluyo anavala chipewa chake n'kulowa m'nthochi.

Chenesai anamva zonse ali pakhonde. Iye anakulira ku Samanga, mudzi wa m'mapiri omwewo, kumene mwana amene wataya zinyalala mu ngalande amakwapulidwa asanafunsidwe n'komwe.

"Bambo a Chenai, mukanangowafunsa kuti mwini wakeyo ndani."

"Ndimudziwa kale," anatero Jonasi. "Lero ngalande, mawa akuti khonde ndi la agogo awo. Iwe uziwaikira kumbuyo, si a kwanu?"

Mkaziyo anabwerera m'nyumba. Kunena chilungamo, Jonasi sanali chitsiru, ndipo ukali wake unali ndi pochokera. Kungoti mu komboni ngalande zonse ankakumba ndi a esiteti, ndipo mwana wa mu komboni amakula osafunsapo kumene madzi a m'phiri amapita. Anakwirira, anapondaponda, namanga khola la njerwa lokongola kuposa khitchini. Anenenji anaswera momwemo ana asanu.

Mvula yoyamba ya Novembala inangonyowetsa fumbi, ndipo Jonasi anaseka mokweza kuti a m'nthochi amve. Yachiwiri inasiya mzere wa chinyezi m'munsi mwa khoma la chipinda cha mayi. Anaupaka penti ina. Patapita masiku atatu mzerewo unatulukanso, tsopano kulekeza m'mawondo. Mphaka, amene ankakonda kugona pazenera la chipindacho, anasamukira pamwamba pa kabati m'khitchini. Galu naye anayamba kutuluka m'khola ana ali kukamwa, mmodzimmodzi, kukawabisa pansi pa tebulo. Jonasi ankawabweza, galu n'kuwatenganso. Pomaliza anatseka chitseko cha khola ndi waya. M'mawa uliwonse ankapita kuseriko asanasukusule, n'kuika dzanja pakhoma, n'kulichotsa lili zii. Mtima unkamuuza zoona, koma kukakumbanso pamene anakwirira mnansi akuona kunali kolemera kuposa miyala imene anathira.

Pakati pa Disembala mvula inagwa masiku atatu osalekeza, phiri lonse litabisala mu nkhungu. Tsiku lachinayi, cha kumasana, akudya, anamva mkokomo ngati lole ikutsika mtunda. Kenako kulira kwa galu. Jonasi anatuluka wopanda nsapato n'kupeza madzi ofiira akutsika m'phiri mzere umodzi, molunjika pomwe panali ngalande. Atasowa njira anaunjikana pakhola n'kutsamira khoma la chipinda. Waya uja anamucheka zala asanamasuke. Anatulutsa galu ndi ana atatu. Awiri sanaoneke.

Ali chiimire m'madzi olekeza m'ntchafu, khoma lobiriwira lija linatupa ngati mimba, linang'ambika pakati, n'kugwera m'kati pamodzi ndi zenera latsopano.

Ngakhale pamenepo mutu wake unathamangira kwa mnansi, kuti mwina ndiye watsegulira madziwo kumtunda. Anatembenuka kuti akamufunse bwinobwino, koma anangomuona akubwera yekha mvula ikumuthira, thumba la feteleza kumutu, makasu awiri paphewa. Mkuluyo sanapereke moni. Anamupatsa khasu limodzi, naloza madziwo ndi chibwano, n'kuyesa Chinyanja chimene anatola kwa anzake a kuesiteti.

"Mwini wake ndi ameneyu. Amabwera chaka ndi chaka. Kumbani apa, asanalowe m'khitchini."

Anakumba atatu, pamodzi ndi Chenesai, mpaka miyala yoyala ija inaonekanso. Madzi atangoipeza anatsetsereka mwakachetechete ngati ng'ombe yolowa m'khola lake. Nyumba yotsalayo inapulumuka. Jonasi anafuna kupepesa, koma mkuluyo anangonena kuti khasulo adzabweze mawa litatsukidwa.

Njerwa siziumbidwa m'dzinja. Mayi ake anafika kutatsala masiku awiri kuti ikwane Khirisimasi, pa kagalimoto kobwereka, ndi bedi, matumba awiri ndi Baibulo lokulungidwa m'pulasitiki. Anawayalira pabalaza, kuseri kwa nsalu yopachika pa chingwe, pomwe anayenera kugona mpaka mvula itatha mu Epulo. Asanakhale pansi anapempha kuti aone chipinda chawo chimene anamva mbiri yake kwa miyezi iwiri. Jonasi anawagwira dzanja n'kupita nawo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana makoma atatu, matope pansi, ndi phiri loonekera pamene panayenera kukhala zenera. Sanakalipe. Anangofunsa ngati panalibe munthu aliyense amene anamuchenjeza, ndipo mwana wawo, bambo wa zaka makumi anayi, anayang'ana zala za kumapazi.

Anthu anamulakwira Jonasi kwa zaka zambiri, zimenezo sindikana ndipo sindidzakana. Koma phiri silinawerenge pepala lake la malo, ndipo silinafunse kuti bambo ake anachokera kuti. Akuluakulu ananena kale kuti madzi saiwala khwawa.